Luso la M'manja: Chimene Chimayasamulitsa Ngodya ya Felemu

M'kope lino tikambirana za ntchito ya matabwa, makamaka kadulidwe ka matabwa awiri amene akumana pa ngodya. Nkhaniyi ikukhudza akalipentala ndi achinyamata amene akuphunzira lusoli, komanso ikukhudza inu bambo ndi inu mayi amene mumatulutsa ndalama kugula tebulo, kabati kapena felemu ya galasi, popeza katundu wa matabwa amayambira kuonongeka pa ngodya.

Kuno ku Dedza matabwa si achilendo kwa ife. Phiri la Dedza, limene nsonga yake ili pa mamita 2,198, linabzalidwa paini ndi a zankhalango, chimodzimodzinso nkhalango ya Chongoni kumene kuli koleji yophunzitsa za nkhalango. Paini ameneyu ndiye wakhala akudyetsa ocheka matabwa ndi akalipentala a pa boma, pa Linthipe, pa Chimbiya mpaka ku Bembeke. Koma mitengo yachepa ndipo thabwa lakwera mtengo. Masiku amene kalipentala ankati akalakwitsa kudula n'kungoponya thabwalo pa mulu wa nkhuni anapita. Lero thabwa limodzi lodulidwa molakwika limatha kudya phindu lonse la ntchito, ndiye chifukwa chake ena m'malo molitaya amatseka mpatawo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupaka vanishi pamwamba. Wogula amanyamula katundu wake akusekerera. Pakatha miyezi ingapo utuchi uja umagwa, ngodya n'kuyasamula.

Pali madulidwe awiri amene tiyenera kuwasiyanitsa tisanapite patali. Koyamba ndi kumene a ku koleji amati mitre. Thabwa lagona pa benchi, sowo yaima chilili, koma mzere umene ikutsata pankhope ya thabwalo ndi wopendama. Felemu ya chithunzi imadulidwa chonchi. Kachiwiri amati bevel. Apa mzere wa pankhope ndi woongoka bwinobwino, koma sowo ndiyo yapendekera mbali imodzi, kotero kuti ikudya mopendama m'kuchindikala kwa thabwa. Bokosi limene simukufuna kuti mapeto a matabwa ake aoneke pa ngodya limadulidwa chonchi. Madulidwe awiriwa amasiyana m'kagwiridwe ka sowo, koma masamu ake ndi amodzi.

Masamuwo ndi awa. Munthu akazungulira nyumba n'kubwerera pamene anayambira, atayang'ananso kumene anayang'ana poyamba, ndiye kuti watembenuka madigiri 360. Ngati nyumbayo ili ndi ngodya 4 zofanana, pa ngodya iliyonse watembenuka madigiri 90. Pa felemu, kutembenuka kumeneku amagawana matabwa awiri amene akumana pamenepo, aliyense theka lake, ndiye 45 uja tonse timamudziwa. Tsono lamulo n'lakuti tengani 360, mugawe ndi kuchuluka kwa mbali, yankho lake muligawenso pawiri. Cha mbali 6 chimapereka madigiri 30. Cha mbali 8 chimapereka madigiri 22.5. Cha mbali 12 chimapereka 15.

Apa ndi pamene pali msampha umene wagwira anthu ambiri, ndipo wotchera msamphawo ndi 45 yemweyo. Kupendama kwa mzere wodula kungawerengedwe m'njira ziwiri. Mukhoza kuwerenga kuchokera pa mzere wa sikweya, uja wodutsa thabwa moongoka, kapena kuchokera m'mphepete mwa thabwa. Manambala awiriwa mukawaphatikiza amakwana 90 nthawi zonse. Pa felemu ya mbali 4 onse awiri ndi 45, choncho munthu akhoza kugwira ntchito zaka khumi osadziwa kuti manambalawo ndi awiri. Tsiku limene adzapatsidwe ntchito ya tebulo la mbali 6 ndi limene adzadabwe. Nambala ya 30 imene tapeza ija ndi yochokera pa mzere wa sikweya, ndipo ndi imene imalembedwa pa makina ambiri odulira. Msonga ya thabwalo, mukaipima kuchokera m'mphepete, iyenera kukhala madigiri 60. Wina akatenga chopimira madigiri cha m'kabokosi ka masamu ka mwana wake, n'kuchigoneka m'mphepete mwa thabwa, n'kulemba 30, adula msonga yaitali yosongoka ngati mkondo, ndipo matabwa otero akawalumikiza amatseka ali atatu okha. Pa mbali 8 manambalawo ndi 22.5 ndi 67.5. Musanadule dzifunseni kuti nambala imene muli nayo ikuchokera pati.

Akalipentala ambiri a kumudzi alibe makina, ndipo chopimira madigiri cha pulasitiki n'chaching'ono zedi moti pensulo yonenepa yokha ikhoza kusocheretsa digiri yathunthu. Chida chodalirika ndi bokosi lodulira, limene aliyense angathe kudzikhomera. Ndi matabwa atatu oongoka, limodzi pansi awiri m'mbali ngati ngalande, lokhala ndi mipata yoyendamo sowo. Polemba mipata imeneyi simufunika madigiri ayi, tepi yokha ikwana. Tiyerekeze kuti bokosilo, kupima kunja mpaka kunja, ndi mamilimita 100 m'lifupi. Lembani mzere wa sikweya wodutsa pamwamba pa matabwa a m'mbali onse awiri. Kuchokera pa mzerewo, pimani mamilimita 100 motsata mphepete ya kunja ya mbali imodzi, ndipo mulumikize chizindikirocho ndi pamene mzere uja wathera ku mbali inayo. Ameneyo ndi 45. Mukapima mamilimita 58 m'malo mwa 100 mwapeza 30, ndipo mukapima 41 mwapeza 22.5. Ngati bokosi lanu ndi la m'lifupi mwina, chulukitsani m'lifupimo ndi 0.577 pofuna 30, kapena ndi 0.414 pofuna 22.5. Manambala awiriwa ndi oyenera kulembedwa ndi makala pa khoma la shedi. Mukatha kulemba pamwamba, tsitsani mizereyo m'mbali ndi sikweya kuti sowo isapendekere potsika, chifukwa bokosi likalakwika, chilichonse chodulidwa m'menemo chidzatengera kulakwikako.

Ngakhale pepala limathandiza. Ngodya ya pepala la m'kope la sukulu ndi madigiri 90. Mukaipinda pakati mwapeza 45, mukaipindanso mwapeza 22.5.

Wina anganene kuti digiri imodzi ndi kanthu kochepa, diso silingaone. Tiyeni tiwerenge. Felemu ya mbali 4 ili ndi malo odula 8. Ngati bokosi lanu likudula 44 m'malo mwa 45, pa ngodya iliyonse pakusowa madigiri 2. Pa thabwa la mamilimita 50 m'lifupi, mzere wolumikizira ndi wotalika pafupifupi mamilimita 71, ndipo madigiri 2 pa mzere wotere amasiya mpata wa mamilimita awiri ndi theka. Mukaumiriza ngodya zitatu kuti zitseke bwino, kulakwika konse kumathawira ku ngodya yachinayi, kumene kumakhala madigiri 8, mpata wa pafupifupi sentimita yathunthu. Nthawi zambiri kalipentala amadzudzula ngodya yomalizayo n'kuyamba kuipala, chonsecho vuto lili m'ngodya zonse. Akaipala, mbali imeneyo imafupika, ndipo felemu imapotoka.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Dulani tizidutswa tiwiri totsala, mutilumikize, muikemo sikweya. Kulakwika kulikonse kuoneka kowirikiza kawiri. Sikweya yomweyo nayo imafuna kuyesedwa, pakuti zina zimene zimagulitsidwa m'misika zinabadwa zopotoka, ndipo zina zinapotoka tsiku limene zinagwa pa simenti. Igonekeni m'mphepete mwa thabwa loongoka, lembani mzere, itembenuzeni kuti chogwirira chiloze mbali ina, lembaninso mzere pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikatalikirana, sikweyayo ndi yabodza.

Tibwere ku kutalika. Madigiri akhoza kukhala oona ndithu, koma ngati mbali ziwiri zoyang'anizana zasiyana ngakhale ndi milimita imodzi, ngodya sizitseka. Amisiri odziwa amadula mbali zoyang'anizana pamodzi, kapena amakhomera kachidutswa pa benchi kuti thabwa lililonse lizitsamira pomwepo. Sowo nayo imadya thabwa, ya m'manja pafupifupi milimita imodzi, ya makina mpaka atatu, choncho iyende kunja kwa mzere, ku mbali yotaya. Felemu ikamangidwa, pimani kuchokera pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya ya kutsidya mopingasa, kenaka mupimenso ngodya ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana.

Kuwerengera kutalika kwa thabwa kumasokoneza chifukwa thabwa lodulidwa mopendama lili ndi kutalika kuwiri, kwa m'kati ndi kwa kunja. Pa 45, kunja kumaposa m'kati ndi m'lifupi mwa thabwa kawiri. Titenge chitsanzo cha mwana amene walandira satifiketi ndipo makolo akufuna kuiika m'felemu. Pepalalo ndi mamilimita 210 ndi 297. Thabwa la felemu ndi mamilimita 40 m'lifupi, ndipo kumbuyo kwake kwasemedwa kampata ka mamilimita 8 kokhalamo galasi. Galasi silifuna kupanikizidwa, choncho tionjezere mamilimita 2, tikhale ndi 212 ndi 299. Muyeso umenewu ndi wa m'kampata muja, osati wa m'mphepete mwa m'kati ayi. Kuchokera m'kampata kukafika kunja patsala mamilimita 32, kawiri ndi 64. Ndiye mbali zifupi zidulidwe 276 kunja kwake, zitali 363. Zonse pamodzi ndi mamilimita 1,278, ndipo mukaganizira chakudya cha sowo ndi mapeto ong'ambika, thabwa la mita imodzi ndi masentimita 40 likwana. Amene amaiwala kampatako amapanga felemu imene pepala limagwera m'kati, ndipo amene amaiwala kuonjezera m'lifupi amakadula galasi kawiri.

Pa mbali 6 choonjezera ndi m'lifupi kuchulukitsa ndi 1.155, ndipo pa mbali 8 ndi 0.828. Mukaona bwino, awa ndi manambala a pa khoma aja, 0.577 ndi 0.414, atawirikizidwa kawiri.

Tsopano tifike pa chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonse kuno kwathu. Pali mafelemu amene anadulidwa molondola, anatseka bwino tsiku limene anachoka pa shedi, koma anayasamulabe. Apa wolakwa si sowo kapena masamu. Wolakwa ndi madzi a m'thabwa. Mtengo ukangodulidwa umakhala wodzaza madzi, ndipo paini wongochekedwa kumene amalemera moti phewa limadziwa. Poyamba madziwo akamatuluka thabwa limangopepuka. Koma chinyezi chake chikatsika kufika pafupifupi magawo 30 pa 100, thabwa limayamba kufota, ndipo limapitiriza mpaka litagwirizana ndi mpweya wa pamalo pamene lili. Chinsinsi chili m'kafotedwe kake. Thabwa limafota m'lifupi ndi m'kuchindikala, koma m'litali silisintha kwenikweni.

Onani chimene izi zimachita pa ngodya. Podula 45 pa thabwa la mamilimita 100, mzere wodula umayenda mamilimita 100 m'lifupi ndi 100 m'litali. Tiyerekeze kuti thabwalo lauma n'kufota ndi mamilimita 3. M'lifupi tsopano ndi 97, m'litali ukadali 100. Imeneyo si 45 ayi, msonga yasongoka pang'ono. Misonga iwiri ikadali yogundana kunja, koma m'kati mwa ngodya mwatseguka mpata woposa mamilimita 4. Palibe amene anakhudza felemuyo, ili pa khoma pomwe inapachikidwa. Thabwa louma likamwa chinyezi n'kutupa zimachitika mosemphana, m'kati mumatseka ndipo kunja ndi kumene kumatseguka. Choncho ngodya yoyasamula imadziulula yokha. Ngati inali yotseka pogula ndipo pano yatseguka m'kati, thabwa linali laliwisi. Ngati yatseguka kunja, chinyezi chalowamo, mwina khoma likunyowa kapena denga likudontha. Ngati ngodya imodzi yokha ndi imene ili ndi mpata pomwe zinzake zili bwino, kaikirani kadulidwe.

Nyengo ya ku Dedza imakulitsa vutoli. Kabati yokhomedwa mu February, mvula ili pakati, ndi matabwa amene atsika m'phiri sabata yomweyo, imakumana ndi mbaula ya mu June ndi July, kenaka kutentha kouma kwa mu October. Pofika nthawi yodzala yayasamula ngodya zonse. Thabwa likakula m'lifupi mpata umakulanso, ndipo n'chifukwa chake kudula kotereku kumayenera timatabwa tating'ono ta felemu osati matabwa aakulu.

Mankhwala ake ndi kuumitsa, ndipo kuumitsa kumafuna ndalama zogonera pa matabwa amene sakubweretsa kanthu. Ili ndiye vuto lenileni la kalipentala wamng'ono, amene amagula thabwa ndi ndalama za dipoziti ya kasitomala ndipo kasitomalayo akufuna katundu wake Lachisanu. Sindikumunyoza ayi. Komabe amene angathe, asanje matabwa pa mthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndi timitengo tofanana kuchindikala pakati pa thabwa ndi linzake, pamwamba atsindire ndi cholemera kuti asapindike. Pa dzuwa amauma msanga koma amang'ambika ndi kupotoka. Pofuna kudziwa ngati auma, sankhani thabwa limodzi muziliika pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kukasiya kutsika, lauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inunso ogula, mukamuumiriza kalipentala kuti amalize m'masiku atatu, dziwani kuti mukugula madzi.

Amisiri akale anaidziwa khalidwe imeneyi ya mtengo ndipo anaipezera njira. Ku Konya m'dziko la Turkey, mu mzikiti wa Alaeddin, muli mimbari ya matabwa ya m'chaka cha 1155. Inapangidwa m'luso limene anthu a kumeneko amati kündekâri. Tizidutswa tambirimbiri ta maonekedwe a nyenyezi ndi ta mbali zambiri timalowetsedwa m'mipata ya timitanda, popanda guluu wotigwira. Kachidutswa kalikonse kali ndi danga lotupira ndi kufotera m'kampata kake, ndipo chifukwa ndi kakang'ono, kusintha kwake nakonso n'kochepa. Nzeru yomweyo ndi imene ili m'chitseko cha mapanelo chimene akalipentala athu amapanga ndi mlombwa. Panelo siyenera kumatidwa ndi guluu kapena kukhomedwa misomali, iyenera kusewera m'kampata kake. Ikamangidwa imang'ambika pakati.

Ndinenenso kuti kulumikiza kopendamaku n'kokongola koma n'kofooka. Guluu sagwira bwino pa mapeto a thabwa chifukwa mapetowo amamumwa ngati siponji. Pakani guluu wochepa poyamba, mudikire pang'ono alowe, kenaka mupakenso. Pa felemu yonyamula galasi lolemera, chekani kampata kodutsa pa ngodya kunja kwake n'kulowetsamo kathabwa kopyapyala ndi guluu. Felemu ya chitseko, miyendo ya benchi ndi chilichonse chonyamula munthu chisalumikizidwe motere. Chimenecho chimafuna kuboola thabwa limodzi ndi tchizulo n'kulowetsamo lilime la linzake.

Nanga pamene ngodya si 90? Aliyense amene anakhomapo thabwa loyenda m'munsi mwa khoma, kapena lotsekera m'mphepete mwa siling'i, akudziwa kuti nyumba zathu zambiri ngodya zake ndi za diso la womanga. Mukadula 45 pa ngodya ya 86 kapena 94 mwataya thabwa. Musalimbane ndi manambala. Tengani pepala lolimba, mulidule mpaka likwane bwino m'ngodyamo, mbali imodzi itsamire khoma ili ina khoma ilo. Lipindeni kuti mbali ziwirizo zigundane. Pepala lopindidwalo ndiye msonga ya thabwa lanu, ligonekeni m'mphepete n'kulemba. Ngodya iliyonse ikhale ndi pepala lake, popeza womanga amene anaphonya imodzi sanaphonye zonse mofanana.

Kudalira diso si matenda a lero. Abu al-Wafa al-Buzjani, katswiri wa masamu ndi za nyenyezi amene anabadwa m'chaka cha 940 ku Buzjan, m'dera limene lero lili ku Iran, ndipo anagwira ntchito yake ku Baghdad, analemba buku lapadera la masamu a mizere ndi ngodya ofunika kwa amisiri a ntchito zamanja. M'bukumo anafotokoza za msonkhano wa amisiri ndi akatswiri a masamu umene anakhalapo, pamene panabwera funso lopanga bwalo limodzi lalikulu la mbali 4 zofanana kuchokera ku ang'onoang'ono atatu. Amisiri anali ndi njira zao zimene diso linkavomereza koma zinali zoperewera pang'ono. Akatswiri nao anali ndi yankho loona pa pepala limene mmisiri sakanatha kuligwiritsa ntchito podula zidutswa. Iye anapereka njira yoti n'kudula ndi manja komanso yoona m'masamu. Zambiri za m'bukumo zimachitika ndi rula ndi kampasi basi, mwina kampasi yosasintha kutambasuka kwake, ngati imene mmisiri angapange ndi kathabwa ndi misomali iwiri.

Zipangizo ziwirizi n'zokwanira mpaka lero. Jambulani bwalo lozungulira ndi kampasi, ndipo musasinthe kutambasuka kwake. Iyendetseni m'mphepete mwa bwalolo phazi ndi phazi. Idzabwerera pamene inayambira itaponda ka 6, ndipo mukalumikiza malo opondawo mwapeza cha mbali 6 chofanana bwino. Cha mbali 8 chimachokera ku cha mbali 4. Tinene kuti mukufuna pamwamba pa tebulo la mamilimita 900. Dulani thabwa la 900 mbali zonse, lembani mizere iwiri yopingasa kuchokera m'ngodya kuti mupeze pakati. Pimani kuchokera pa ngodya kukafika pakatipo, mupeza 636. Kuchokera pa ngodya iliyonse pimani 636 motsata mbali zonse ziwiri ndi kuika chizindikiro. Lumikizani zizindikiro zoyandikana ndi ngodya iliyonse n'kudula. Mbali iliyonse ituluka pafupifupi mamilimita 373. Ana amene amafunsa m'kalasi kuti masamu amenewa adzawadyetsa chiyani, muwaonetse tebulo limeneli.

Pali kudula kumene kumaphatikiza mitre ndi bevel nthawi imodzi, ndipo kumeneku ndi kumene kumatuluka thukuta. Ganizirani thireyi yoperekera tiyi kapena chodyeramo nkhuku chimene mbali zake zatambasukira kunja, kukamwa kwakukulu pansi pang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza mbali zikadali 4, sowo ipendekerebe 45. Sizitero. Mbali zikapendekera kunja ndi madigiri 15, mzere wa pankhope umapendama madigiri 14.5 kuchokera pa sikweya, ndipo sowo imapendekera 43.1. Zikapendekera ndi 10, manambalawo ndi 9.9 ndi 44.1. Zikapendekera ndi 20 ndi 18.9 ndi 41.6. Amene ali ndi makina akhoza kusunga manambala amenewa. Wa sowo ya m'manja sangathe kutsata 43.1, ndipo safunika kutero. Apale kaye mphepete ya pansi ya thabwa kuti likaima pa benchi lizipendekera monga m'mene lidzakhalire pa thireyi. Kenaka aliimike m'bokosi lodulira lili chipendekere chomwecho, atalichirikiza ndi kachidutswa kuti lisagwedere, n'kudula mu mpata wa 45 sowo ili chilili. Madigiri onse awiri aja atuluka okha. Thabwa loyenda pakati pa khoma ndi siling'i limadulidwanso motere.

Pa denga mpomwe kulakwitsa kumaposa kuipa kwa maonekedwe. Phaso liyenera kukhala bwino pa mtanda wa pamwamba pa khoma ndiponso kugundana bwino ndi linzake pa msonga ya denga. Ngati kudulako kwaphonya, matabwa amangogundana pa kansonga, ndipo katundu yense wa malata ndi mphepo amatsalira misomali. Apanso tepi ndi sikweya zikwana. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi, theka lake ndi 3. Denga likakwera mita imodzi pa mamita atatuwo, kupendama kwake ndi madigiri 18.4, ndipo phaso ndi lotalika mamita 3.16, osawerengera lotulukira kunja kwa khoma. Polemba, gonekani sikweya pa phaso kuti masentimita 10 a dzanja limodzi ndi 30 a dzanja linalo agwere m'mphepete imodzi. Dzanja la 10 likupatsani mzere woimirira wa pa msonga, la 30 likupatsani mzere wogona wokhala pa mtanda. Kampata kokhalira pa mtandako kasapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa phaso, kupanda apo mwalifooketsa pamalo pomwe likufunika mphamvu. Dulani phaso limodzi, muliyese pamwamba, likakhala bwino likhale chitsanzo cholembera ena onse. Makomiti omanga makalasi ndi madrasa aziyang'ana zimenezi malata asanakhomedwe, chifukwa akakhomedwa palibe amene amakweranso kukaona.

Kwa inu ogula katundu wa m'nyumba, safunsa anadya phula. Funsani kuti matabwawo anachekedwa liti. Nyamulani mpando kapena shelefu mumve kulemera kwake, ndipo gwirani thabwa losapakidwa, laliwisi limazizira m'manja. Ngati mwaitanitsa katundu, pemphani kukamuona asanapake vanishi, nthawi imene ngodya zili poyera. Pa katundu wopakidwa kale, yendetsani chikhadabo pa mzere wa ngodya. Mzere woona ndi wopyapyala ngati ulusi, pamene wa utuchi ndi wonenepa, wa mtundu wosiyana ndi thabwa, ndipo chikhadabo chimalowa. Mukapeza kalipentala amene ngodya zake n'zoona ndipo mtengo wake wakwererapo pang'ono, musamunenerere mpaka kumufikitsa pa mtengo wa mnzake wa utuchi uja, pakuti iye anagoneka ndalama zake pa mulu wa matabwa miyezi ingapo.

Ana a pa sukulu amene akuwerenga tsamba lino pamodzi ndi makolo, nayi ntchito yanu. Kalipentala wapatsidwa ntchito ya felemu ya wotchi ya mbali 5 zofanana. Thabwa lake ndi mamilimita 60 m'lifupi. Sowo ipendame madigiri angati kuchokera pa mzere wa sikweya, ndipo msonga ya thabwa ikhale madigiri angati kuchokera m'mphepete? Amene ali ku sekondale apezenso kuti kunja kwa mbali iliyonse kuposa m'kati ndi mamilimita angati. Mayankho tidzaonera limodzi m'kope likubwerali, Insha-Allah.